Telala wa pa Linthipe ndi Tsamba la Mipira

Amene anavalapo jekete losokedwa ndi a Alufeo mpaka lero salola kuti muwanenere zoipa. Anali telala wa pa Linthipe, pakhonde la sitolo ya Mmwenye, mbali yoyang'ana msewu wa ku Lilongwe. Zaka zimene tikunenazi, Chitaganya chitangofika kumene, panalibe mphunzitsi, mlaliki kapena kalaliki wa dera lonselo amene ankapita ku ukwati wake atavala chosokedwa ndi munthu wina. Munthu wake anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuseka pagulu. Ankangokuyang'ana kamodzi kuchokera m'khosi mpaka kuchidendene, n'kuyamba kudula nsalu, tepi ili lende m'khosi ngati yokongoletsera chabe. Anthu ankati, “A Alufeo ali ndi diso.” Akamva mawu amenewo ankaweramira makina n'kupalasa mwamphamvu, ndipo anthu ankayesa kudzichepetsa. Sikunali kudzichepetsa ayi, anali manyazi.

Maso awo sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Chachikasu ankachiona, chabuluu ankachiona, choyera ndi chakuda ndiye osanena. Koma magazi ndi msipu, phwetekere wakupsa ndi wamuwisi, dothi la katondo ndi masamba a chimanga, kwa iwo zonsezi zinali khaki basi, wina woderako, wina wowalako. Anabadwa choncho, ndipo anayamba kukula osadziwa kuti anzawo akuona china.

Anazindikira ali kamnyamata, kwawo kuseri kwa Mayani. Amayi ake anamutuma kudimba kukathyola phwetekere wakupsa, iye n'kubwera ndi dengu lodzaza, theka lonse wamuwisi. Anamutumanso, zomwezo. Amayi ake anati ndi mwano, naitanitsa mlongo wawo, pakuti kwathu kuno mwana akapulupudza womuwongola ndi amalume ake, mwini mbumba, osati bambo womubereka. Amalumewo anathyola kanthambi ka pichesi nagwira ntchito yawo. Alufeo analira osadziwa mlandu wake. Tsiku limenelo anaphunzira zinthu zimene anakalamba nazo: kudina phwetekere ndi chala asanathyole, ndi kusauza munthu aliyense chimene maso ake akuona.

Ndiye pa ntchito zonse za pansi pano, munthu wotere n'kusankha ya nsalu! Sekani, koma muyambe mwamva. Atapita ku Halale kukafuna ntchito, malo amene anapeza anali osesa mu shopu ya telala, ndipo manja ake anakonda sizasi mutu usanaganize n'komwe. Komanso masiku amenewo amuna ankavala khaki, akazi biriwita, wobatizidwa mleka woyera. Ulusi woyera, wakuda ndi wa khaki unkamukwanira munthu moyo wake wonse. Anabwerako ndi makina a Singa, chipewa ndi njinga, nakwatira, nakhazikika pa Linthipe.

Mavuto anadza ndi nsalu zamaluwamaluwa. Njala ya fote naini itapita, Amwenye anadzaza mashelefu ndi nsalu za mitundumitundu, ndipo mayi aliyense, ngakhale amene dzulo lake ankanyoza madiresi kuti ndi a akazi a m'tauni, anafuna diresi lake. A Alufeo anapeza nzeru. Mayi akabwera ndi nsalu, ankamutulutsira kabokosi ka ulusi n'kunena, “Sankhani nokha, mayi, nsaluyi ndi yanu. Mawa musadzati telala adandionongera.” Mayiyo akamasankha, iwo ankamuyang'ana nkhope, n'kumavomereza ndi mutu ngati kuti nawonso amaganiza ulusi womwewo. Amayi a pa Linthipe anawatama kuti ndi telala waulemu, wosakakamiza munthu. Akatamidwa choncho makutu ankawatentha.

Amene ankadziwa anali akazi awo okha, a Jestina. Chaka choyamba cha ukwati anapempha duku lobiriwira, amuna awo n'kubwera ndi lofiira psuu, akumwetulira kuti apeza lenilenilo. A Jestina anayang'ana dukulo, nayang'ana amuna awo, nati, “Zikomo, n'lokongola.” Patapita masiku a Alufeo anapeza timitengo tokulungapo ulusi tili ndi mphini: ka ulusi wofiira kotemedwa kamodzi ndi mpeni, ka wobiriwira kawiri. Sanafunse, akazi awonso sananene. Anabereka Agnesi ndi ang'ono ake, ena anawaika m'manda, anamanga nyumba ya njerwa, koma nkhani ya mphinizo sinatulukepo pakamwa pa aliyense wa iwo.

A Alufeo anali ndi mlongo mmodzi, Sibongile, chitsirizira cha amayi awo. Amalume aja atamwalira, udindo wa mbumba unagwera iwo, ndipo anausenza mosanyinyirika. Sibongile anakwatiwa ndi mphunzitsi, a Zefaniya, wa pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Mayani. A Zefaniya sanali munthu woipa. Sankamwa, sankatukwana, munda ankalima okha sukulu ikaweruka. Kungoti ankakhulupirira kuti Mulungu polenga anthu anayamba ndi aphunzitsi, enafe n'kutiumba ndi dothi lotsala. Zolembera sizinkachoka pathumba la malaya, ndipo ngakhale nkhuku ankaziingitsa m'Chingerezi. Atabereka mwana wamwamuna, Ezara, anamuona kale atamanga taye, ali kalaliki wamkulu ku Boma.

Ezara anali kamwana kochangamuka, kolongolola, kofunsa mafunso mpaka munthu kutopa. Amalume ake ankamukonda mopitirira. Akapita kukacheza ankamutengera timalaya tolumikiza ndi zidutswa zotsala, ndipo mwanayo akangomva belu la njinga ankathamanga chopunthwa, n'kukwera pamsana pawo asanatsike n'komwe bwinobwino. Anthu a pa Linthipe akanaona telala wawo wosasekayo akukwawa pabwalo ngati bulu, mwana ali pamsana, sakanakhulupirira.

Ezara asanakwane zaka zisanu, dona wa ku mishoni, ana ake atakula, anapatsa a Zefaniya buku la zithunzi lophunzitsira tiana mitundu ya zinthu. Linali laling'ono, la masamba ochindikala, m'makona muli zipsera za mano a ana a donayo. Tsamba lililonse linali ndi chithunzi chimodzi chachikulu: phwetekere wofiira, chule wobiriwira, kamwanapiye kachikasu, kapu yabuluu. Tsamba lomaliza linali ndi mipira yambirimbiri, yofanana kukula, yosiyana mtundu wokha. Bukulo palokha linalibe mlandu, linali lokongola ndithu. M'dera lonselo munalibe mwana wina wokhala ndi buku lakelake, ndipo a Zefaniya ankalisunga m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi yawo.

Masamba oyambawo Ezara anawameza msanga. Akaona phwetekere ankafuula, “Chofiira!” Akaona chule, “Chobiriwira!” Ndani sadziwa kuti phwetekere ndi wofiira, anthu onse akunena choncho? Tsiku lina kunabwera woyendera masukulu, nadya nkhomaliro kunyumba kwa aphunzitsi, ndipo a Zefaniya anatulutsa mwana ndi buku kuti mlendo aone. Zonse zinayenda bwino mpaka mlendoyo anatsegula tsamba la mipira, nati, “Tandilozera wofiira.” Ezara analoza wobiriwira, osakayika n'komwe. Atamufunsanso analoza wobiriwira wina. Mlendoyo anangoseka, nati mwana ndi mwana, koma a Zefaniya anamva ngati awavula pamsika.

Kuyambira pamenepo buku lija linasanduka chilango. Sukulu ikangoweruka, mwana pampando, buku patebulo, rula pambali. A Zefaniya ankati m'mera mpoyamba. Ezara analeka kulongolola. Akamva sutikesi ikutsegulidwa ankathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo anayambanso kukodza pamphasa, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Sibongile atalephera kupirira anatuma mayi wina wogulitsa kachewere pa Linthipe kuti akauze achimwene ake abwere.

A Alufeo anapalasa njinga Loweruka m'mawa, m'nkhungu ya mwezi wa Juni, osadziwa chimene awaitanira. Anapeza alamu awo ali pakhonde ndi akulu a mpingo awiri, oitanidwa kuti adzachitire umboni. Belu analiza, koma palibe mwana amene anathamanga. Atalonjerana, a Zefaniya anakonza kukhosi.

“Alamu, ndakuitanani chifukwa mwanayu ndi wanu. Ine pano ndine tambala chabe, eni khola ndinu. Ndayesa kum'phunzitsa, ndalephera. Kaya ndi mwano, kaya ndi uchitsiru, koma kwathu kulibe zimenezi. Mum'funse nokha, kapena inu akuopani.”

Anawaikira buku pamwendo, litatsegulidwa kale pa tsamba la mipira, nawafotokozera zonse.

A Alufeo anayang'ana. Anaona mipira yachikasu, anaona yabuluu. Yotsalayo inali khaki yekhayekha. Pomwepo anadziwa vuto la mwanayo, nadziwanso kumene linachokera. Apa panalibe a Jestina, panalibe mphini, panalibe mayi woti amuuze kuti sankhani nokha.

Sibongile anamukoka Ezara kuchokera kuseri kwa chitseko. Mwanayo ataona amalume ake nkhope inamasuka, nathamanga kudzaima pakati pa maondo awo, poganiza kuti womulanditsa wafika.

“Ezara,” anatero a Alufeo, “loza mpira wofiira.”

Kachala kanayendayenda pa tsambalo, n'kuima pa mpira wa pakona. Unali womwewo umene a Alufeo akanaloza. Iwo sanayang'anenso bukulo. Anayang'ana nkhope ya alamu awo, monga ankachitira ndi amayi osankha ulusi, kuti apezepo yankho. A Zefaniya anatsonya. Mmodzi wa akulu a mpingo anapukusa mutu.

Pamenepa panafunika mawu ochepa chabe: alamu, mwanayu alibe mlandu, inenso ndili choncho. A Alufeo anatsala pang'ono kuwanena. Koma anaonanso khonde la pa Linthipe, amayi akunong'onezana, anyamata akuwaonetsa nsanza kuti atchule mtundu wake, ndi akulu a mpingo awa, amene majekete ali m'thupiwo anasoka ndi iwo. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma tsiku limenelo manyazi a munthu wamkulu anagwera mwana. A Zefaniya anawapatsira rula, ndipo iwo analandira.

“Ukuchititsa manyazi bambo ako,” anatero a Alufeo. “Tambasula dzanja.”

Ezara sanatambasule msanga. Anawayang'ana kumaso, osakhulupirira, akudikira kuti mwina aseka. Kenaka anatambasula. A Alufeo anamenya, namenyanso. Mwanayo sanakuwe monga ankachitira ndi bambo ake, anangoyasama, misozi ikutsika. Akulu a mpingo anati kulera ndi kumeneko. Sibongile analowa m'nyumba.

Chakudya chimene mlongo wawo anaphika sanachidye, ananamizira mutu. Pobwerera njinga anaikankha pokwera ndi potsetsereka pomwe. Anthu odziwana nawo ankawafunsa ngati yaphulika, iwo n'kumavomera, matayala ali olimba bwinobwino.

Anafika dzuwa litapendeka, a Jestina akuwola ufa umene anayanika pamphasa. Anawafotokozera mwachidule, maso ali pansi: za buku, za mipira, za kachala kaja. Za rula anasiya. Koma a Jestina anali atakhala nawo zaka zambiri.

“Ndiye inu mudatani?”

A Alufeo anayang'ana nkhuku.

“Abambo a Agnesi, ndafunsa. Mudatani?”

“Padali anthu.”

“Mudam'menya.”

A Jestina anaika lichero pansi pang'onopang'ono, nasasa ufa m'manja.

“Ine zaka zonsezi ndimatema timitengo tanu tija, ndimati ndikubisa maso a mwamuna wanga. Sindimadziwa kuti ndikusungira Ezara chikwapu.”

Kanali koyamba kuti nkhaniyo itchulidwe pakati pawo, ndipo inatchulidwira pabwalo, ana ali pafupi. A Alufeo analowa m'nyumba osavula chipewa.

Masabata otsatirawo telala wa diso uja anasoka zokhota. Anadula mkono wa jekete la mkwati kufupika, chinthu chimene sichinawachitikirepo chibwerere ku Halale. Akaona mwana akudutsa atagwira chala cha amake, ankaweramira bobini ya makina ngati yakodwa. Kutchalitchi anasamukira benchi la kumbuyo. Ankadziuza kuti mwana sachedwa kuiwala, kuti iwonso anamenyedwa n'kukula, kuti Ezara adzapeza nzeru zake monga anapezera iwo. Koma kukula kwake ankakudziwa: munthu wa imvi, wa nyumba ya njerwa, woopa kufunsidwa mtundu wa duku.

Tsiku la msika Sibongile anatulukira pakhonde la sitolo atanyamula kansalu ka khaki. Anakhala pansi pafupi ndi makina, moni wake wa pakamwa chabe.

“Achimwene, mum'sokere Ezara kabudula. Akhale wamkulu, wa zigamba kumbuyo, woti alimbe kuminga.”

“Kuminga kuti?”

“Bambo ake ati sukulu si ya aliyense. Ati mwana wa mphunzitsi sangakhale pabenchi n'kumasekedwa ndi ana a eni ake. Sukulu ikatsekera apita kumudzi, azikaweta mbuzi. Ati inunso mudaona nokha, mpaka mudam'menya ndi dzanja lanu.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. “Mwana uja si chitsiru, achimwene. Nyimbo za kutchalitchi amaimba zonse, nkhuku amawerenga osalakwa. Koma akangoona buku lija thupi lonse njenjenje. Kaya adam'lodza ndani, kaya ndidalakwira yani ine.”

A Alufeo anatenga kansaluko, nakatembenuza, nakapinda, nakabweza m'manja mwa mlongo wawo.

“Pita. Ndibwera Lamulungu, mapemphero akatha. Uwauze alamu aitanenso akulu aja.”

Musaganize kuti analimba mtima pomwepo. Munthu amene wabisala moyo wake wonse satuluka tsiku limodzi. Atafika kunyumba anali atapeza kale nzeru ina, ndipo anaifotokoza kwa akazi awo mwachangu, ngati wogulitsa nsalu yong'ambika.

“Mupite nane. Mukapemphe buku lija ngati mukufuna kuliona, mukaboole ndi singano pa mipira yofiira, pang'ono chabe, posaoneka. Ine ndikam'nong'oneza mwana kuti azipapasa ndi chala. Akhoza, bambo ake akondwa, nkhani yatha.”

A Jestina anakana pomwepo.

“Ndiye mawa akadzam'patsa buku lina, ndidzapitenso ndi singano? Akadzakwatira, mudzam'funire mkazi wodziwa kutema mphini? Mukufuna akule ngati inu?”

“Ine ndakula bwanji?”

“Mwakula mukuopa. Singano yanga sipita kumeneko.”

Lamulungu m'mawa a Jestina anawasitira malaya. A Alufeo atatulutsa njinga, anapeza akazi awo atamanga duku, ndipo a Jestina anakwera pakaliyala osaitanidwa.

Anthu anachuluka kuposa tsiku lija, chifukwa otuluka m'tchalitchi anamva kuti kwa aphunzitsi kuli nkhani, ndipo nkhani ya mwini wake imakoma kuposa ulaliki. A Zefaniya anayesa kuti alamu awo abwera kudzatenga mwana, moti kamtolo ka zovala zake kanali kale pakhonde. Ezara sanaoneke.

“Alamu, tabweretsani buku lija,” anatero a Alufeo atakhala pansi.

“Latha ntchito limenelo, alamu. Tisavutikenso.”

“Tabweretsani. Lero mufunse ine.”

Anthu anaseka poyesa nthabwala, ngakhale a Alufeo sankadziwika ndi nthabwala. A Zefaniya analowa m'nyumba, nabwera nalo, natsegula tsamba la mipira, nanena ndi mawu awo a m'kalasi, “Chabwino, mwana wasukulu, tilozereni wofiira.”

A Alufeo anayang'anitsitsa. Sanafune kulakwa mwadala, anayesetsa ndi mtima wonse kuti akhoze. Anasankha umene unkaoneka woderako kuposa inzake, naikapo chala. Anthu anafa nalo phwete.

“Musaseweretu, alamu. Ndati wofiira.”

Analoza wina. Kuseka kunachepa. Analozanso wina, ndipo umenewo unali wofiiradi, koma atauzidwa kuti tsopano aloze wobiriwira, chala chinazungulira tsamba lonse n'kubwerera pa womwewo. Panalibenso woseka. Kunja kunali chisanu cha Julaye, koma thukuta linali kutsika m'khosi mwawo mpaka kunyowetsa kolala imene akazi awo anasita.

“Ine Alufeo,” anatero, “chibadwire sindidaonepo chofiira. Chobiriwiranso sindichidziwa, ndimangomva kwa anthu. Majekete mwavalawo ndidasoka ndine, koma ulusi amandizindikiritsa ndi akazi angawa. Mwana uja alibe mwano, si chitsiru. Maso ake ndi anga, adatengera kwathu, monga mudanenera, alamu. Ndipo tsiku lija ndidadziwa. Ndidadziwa ndisanam'menye.”

Mawu otsirizawo ndi amene anapweteka potuluka. Sibongile anagwira pakamwa. Mmodzi wa akulu a mpingo anayang'ana mkono wa jekete lake ngati akuuona koyamba. A Zefaniya anakhala chigwirire buku, kenaka ananena motsitsa, m'Chichewa chokhachokha, kuti ku sukulu ya uphunzitsi anamvapo za anthu otere, amene amawakaniza ntchito ya sitima, koma sanaganizepo kuti angapezeke m'nyumba mwawo momwe. Anaimirira, natenga kamtolo kaja, nakalowetsa m'nyumba okha osatuma mkazi.

Zotsatira zake aliyense wa kumeneko amazidziwa. Mbiri inafika pa Linthipe njinga isanafike. Anyamata anawavutitsadi ndi nsanza zawo, amayi ena anasamutsira madiresi awo kwa telala wina, ndipo dzina loti a Khaki linawamatirira mpaka kumanda. Ofuna majekete sanawasiye. Ezara analowa sukulu chaka chotsatira, ndipo buku lija linapita kwa mlongo wake wamng'ono, amene sanavutike nalo n'komwe. Zonsezi a Alufeo anazipirira, nthawi zina n'kumaseka nawo, moti anthu anadabwa kuti kodi munthu uja ali ndi mano.

Chimene sanathe kuseka nacho chinachitika masana omwewo, anthu atabalalika. Anazungulira kumbali kwa nyumba kukatenga njinga, napeza Ezara atanyonyomala pafupi ndi tayala. Anali atamva zonse. Ataona amalume ake anaimirira. Sanathawe, komanso sanawayandikire. Manja anabisa kumbuyo.

A Alufeo anagwada kuti alingane naye.

“Amalume,” anatero Ezara, “nanunso simuuona mpira uja?”

“Sindiuona, Ezara.”

“Ngakhale mutayang'anitsitsa?”

“Ngakhale nditayang'anitsitsa.”

Mwanayo anakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

“Nanga mudandimenyeranji?”

A Alufeo anakhala chigwadire. Ezara anadikira ndithu, manja ali chibisire kumbuyo.